Mlamu wa Boma

M'nyumba iliyonse muli mawu amene amanenedwa tsiku ndi tsiku mpaka eni ake amasiya kuwamva. M'nyumba ya bambo ndi mayi ena anali mawu a pakhomo, m'mawa, bambo atatenga kale makiyi, phazi limodzi lili panja.

"Mafuta muli nawo m'galimotomo?" ankafunsa mayi.

"Alimo, Aboma."

"Alimo ochuluka bwanji? Kasingano kali pati?"

"Kali pamalo pake."

"Pamalo pake ndi pati? Mudzere pothira mafuta musananyamule munthu. Ndipo mudzaze, osati zanu zija zodontheza ngati mankhwala a m'maso."

Bamboyo anali dalaivala wa takisi, munthu wamtali, wosekaseka, wosachedwa kupalana ubwenzi ndi aliyense. Galimoto yawo ankaipukuta mpaka ntchentche kuterereka, koma pa nkhani yothira mafuta, abale inu, anali waulesi wotheratu. Akanasiyidwa okha, akanamayenda ndi kanyali kofiira mpaka galimoto kutsokomola pakati pa msewu. Koma mayi akafunsa pakhomo paja, adalaivala ankang'ung'udza pang'ono, kenaka n'kukadzaza ndithu.

Mayiwo ankagwira ntchito ku nthambi ya boma yoona za magetsi ndi mafuta, n'chifukwa chake amuna awo anawapatsa dzina loti Aboma, ndipo dzinalo linawakanirira mpaka ana a mumsewu wawo sankadziwa lina. Nawonso adalaivala sanapulumuke. Anzawo pa siteji ya matakisi ankawatchula kuti Mlamu wa Boma, ndipo iwo ankavomera ndi chifuwa chotukumuka.

Anthu sankaidziwa bwino ntchito ya Aboma. Ambiri ankayesa kuti iwo ndi amene amakhala pafupi ndi swichi yaikulu ya dziko lonse. Magetsi akangothima, mayi woyandikana nawo ankakuwa pampanda, "Aboma, tayatsaniko pang'ono ndimalize kusita!" Koma ntchito yawo inali ina. M'mawa uliwonse ankaimbira foni kumalo onse kumene dziko limasungira mafuta. Kumeneko anthu ankakwera pamwamba pa mathanki, n'kuviika ndodo yaitali yoyezera, n'kuwauza pamene mafuta alekezera. Aboma ankaphatikiza zonsezo, n'kudziwa kuti dziko lingayende mpaka liti ngati sipabwera mafuta ena. Inali ntchito ngati ya munthu wosunga mchere m'nyumba, amene amakumbukiridwa tsiku lokhalo limene mchere watha. Koma Aboma ankaikonda, ndipo ankainyadira chamumtima.

Tsiku lina masana mkulu wa ofesi anaitana antchito onse m'chipinda chake n'kutseka chitseko. Anali bambo wamfupi, wadazi, wolankhula modekha moti antchito ake ankamutchula kuti a Pang'onopang'ono, iye kulibe. Tsiku limenelo sanapereke ngakhale moni.

"Sitima yotibweretsera mafuta yawonongeka panyanja," anatero. "Ina ibwera, koma osati msanga. Mayi, tauzeni anzanuwa mmene tilili."

Aboma anafotokoza. Mafuta analipo oti n'kufikitsa dziko mpaka sitima inayo itabwera, koma pokhapokha anthu atamagula monga amagulira masiku onse.

"Mwamva?" anatero a Pang'onopang'ono. "Mphekesera ikatuluka lero, mawa kulibe dontho. Anthu adzabwera ndi zigubu, ndowa, ngakhale mabeseni osambitsira ana. Ndiye tiyambe tadzaza kuzipatala, maambulansi, makina opopa madzi, magalimoto ozimitsa moto ndi onyamula chakudya. Tikamaliza zimenezo tidzalengeza tokha pa wailesi, n'kuika malire a kagulidwe kuti aliyense apezeko. Koma mpaka pamenepo, pakamwa potseka. Osatsina khutu m'bale, osatsina khutu abusa. Khalani monga mumakhalira masiku onse. Musasinthe kanthu."

Aboma sankafunika kuuzidwa kawiri. Atangoyamba kumene ntchito, zaka zambiri zapitazo, zoterezi zinachitikapo. Munthu wina anangonong'oneza mkazi wake, mkaziyo ananong'oneza mnzake wa kusaluni, ndipo dzuwa lisanalowe mafuta anali atathera m'zigubu za anthu. Aboma anaona ndi maso awo ambulansi ikukankhidwa ndi manja, wodwala ali momwemo. M'mipope munauma gwa, ndipo amayi ankazungulira mzinda ndi ndowa pamutu. Chiyambire pamenepo, iwo ankati chinsinsi cha ku ofesi chimatsala pa mpando wa ku ofesi.

Koma m'mawa mwake, adalaivala atatenga makiyi, phazi limodzi lili panja, funso lija linafika pamlomo monga mwa nthawi zonse, ndipo Aboma analigwira lisanatuluke. Anadzifunsa kuti, ndikati "mudzaze" lero, ndikudziwa zimene ndikudziwazi, kodi kumeneko si kutsina khutu? Dzulo anali mawu a mkazi kwa mwamuna wake. Lero akanakhala mawu a munthu wa m'kati kwa m'bale wake. Anameza funsolo, n'kuyamba kupukuta tebulo limene linali loyera kale.

Adalaivala anaima pakhomo paja kanthawi, akuseweretsa makiyi.

"Ndapita, Aboma."

"Muyende bwino."

"Basi?"

"Basi. Muyende bwino."

Anawayang'ana pang'ono, n'kutuluka. Aboma anamva galimoto ikulira, ikubwerera chambuyo, ikutuluka pageti. Anakhala pampando ngati munthu amene wathamanga mtunda.

Masiku otsatirawo ku ofesi kunalibe kupuma. Mafoni ankalira ngati ana a njala. Aboma ankatumiza magalimoto a mafuta uku ndi uku mwakachetechete, lero ku chipatala chachikulu, mawa kumakina opopa madzi, mkuja ku tizipatala ta kutali kumene firiji ya katemera imadalira jenereta. Tiyi ankazizira m'kapu osamwedwa. Chipatala china chinanena kuti thanki yake ikudontha, ndipo Aboma anakhala pa foni theka la tsiku kufunafuna migolo. Ntchito inkayenda, ndipo akanakhala osangalala pakanapanda nkhani ya kunyumba.

Kunyumba zinthu zinasintha. Adalaivala, munthu amene ankabwera ndi nkhani za makasitomala mpaka chakudya kuzizira, tsopano ankangodya, n'kuthokoza, n'kupita panja kukapukuta galimoto yopukuta kale. Sankafunsa za ku ofesi. Aboma nawo ankaopa kutsegula pakamwa kuti mwina chingatuluke china. M'mawa uliwonse ankameza funso lija, ndipo tsiku lililonse linkalemera kuposa dzulo lake.

Tsiku lina kunagwa mvula, ndipo adalaivala anawaperekeza ku ntchito. Aboma anakhala mpando wakutsogolo, chikwama pamiyendo, atalumbira mumtima kuti sayang'ana. Koma diso lilibe mpanda. Linangopita lokha pa geji ya mafuta. Mayo ine! Kasingano kanali katagona pansi penipeni. Anadutsa pothira mafuta pamene panalibe mzere ngakhale pang'ono, mnyamata wa pa pampu atangokhala akusewera ndi foni. Aboma anafinya chikwama chija mpaka zala kupweteka. Adalaivala ankaimba mluzu, maso pa msewu, ndipo anadutsa osaima.

Kenaka tsiku lolengeza linafika. Wailesi inanena za sitima ija, inanena za malire a kagulidwe, inapempha anthu kuti asachite mantha. Ndipo anthu, monga mukuwadziwa anthu, anachita mantha. Mizere inayamba nthawi yomweyo, kutuluka pothira mafuta, kukhota pa ngodya, kudutsa pa sitolo ya nsapato mpaka kukafika ku sukulu. Mafuta ankabwera ndithu, koma pang'onopang'ono, ndipo mzere unkayenda ngati nkhono.

Adalaivala anamva chilengezocho ali kutali, atanyamula munthu. Pamene ankabwerera, anapezeka kumchira kwenikweni kwa mzere, ndipo galimoto inazimira pomwepo, mafuta atatha. Kuchoka sakanatha, chifukwa ukachoka pa mzere malo ako apita. Ankangobwera kunyumba kudzasamba ndi kusintha malaya, Aboma ali ku ntchito, n'kubwereranso. Aboma ankapeza thaulo lonyowa pa chingwe ndi kapu mu sinki, basi.

Akaimba foni, yankho linali lalifupi ngati la munthu wa ku ofesi ina.

"Muli bwanji kumeneko?"

"Tilipo."

"Mwadya?"

"Tadya. Ndiimbanso."

Ndipo sankaimbanso. Aboma ankakhala akuyang'ana foni ija. Zaka zonse za banja lawo anakanganapo ndithu, za ana, za achibale, za thaulo lonyowa losiyidwa pabedi, koma adalaivala akakwiya ankalankhula, mpaka kutopetsa. Kukhala chete kotereku kunali kwachilendo. Aboma anayamba kuopa kuti chimene chathyoka apa sichidzalumikizikanso, kuti mwamuna wawo waona kuti pakati pa iye ndi ntchito, mkazi wake anasankha ntchito.

Ali m'maganizo amenewo, Lachisanu madzulo, kunabwera alamu awo, achemwali aakulu a adalaivala. Mayi ameneyu sankagogoda, ankangolowa, ndipo pakamwa pake panalibe buleki.

"Mlamu, ndabwera kuti ndikuoneni nkhope," anatero, akuponya chikwama pa sofa. "Ndachokera ku mzere. Mchimwene wanga ndevu zamera, malaya akwinyika, akugona m'galimoto ngati alibe kwawo. Inu muli pano mwakhala bwinobwino. Munkadziwa kapena simunkadziwa?"

"Ndinkadziwa, alamu."

"Ha! Ndipo mukuvomera opanda manyazi! Munthu mumagona naye bedi limodzi, kulephera kungomukodola? Ndani akanamva? Khoma? Anzake kumeneko akumuseka. Akuti Mlamu wa Boma, boma lakukana. Kodi boma limeneli lidzakufunditsani bulangeti mukadzadwala?"

Uku akulankhula, alamuwo anapita kukhitchini, anatsegula mpope, anadzaza ketulo mpaka kusefukira, n'kudziikira madzi a tiyi. Aboma anayang'ana madzi aja akutuluka ndi mphamvu. Ankadziwa galimoto imene inapititsa mafuta kumakina opopa madziwo, ankadziwa ngakhale mawu a dalaivala wake pa foni. Anafuna kunena, koma anaona kuti kunena kukhala ngati kudzitama pamaliro. Anangotulutsa makapu ndi shuga.

"Ine ndanena," anamaliza alamuwo atamwa makapu awiri. "Mwamuna si mtengo. Akazizira mtima, musadzati sindinakuuzeni."

Mawu amenewo anawatsata Aboma mpaka ku ofesi Loweruka m'mawa, chifukwa sabata imeneyo kunalibe Loweruka. A Pang'onopang'ono anawapeza atagwira foni osaimba, maso ali pakhoma.

"Mayi, mwatopa. Kapena kunyumba sikuli bwino?"

Aboma sanali munthu wodandaula kwa abwana, koma tsiku limenelo zinangotuluka. Anafotokoza za funso la pakhomo, mmene ankafunsira m'mawa uliwonse, ndi mmene analimezera kuyambira tsiku la msonkhano lija. Ankayembekeza kuti mwina awayamikira.

A Pang'onopang'ono anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Mukuti munkafunsa tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse, bwana."

"Ndiye munasiya."

"Ndinasiya."

"Mayi, ine ndinati chiyani? Ndinati musasinthe kanthu. Mukanangofunsa monga mumafunsira, bambo akanadzaza monga amadzazira, ndipo palibe akanadabwa. Si kuulula kumeneko. Kumeneko n'kukhala pabanja." Anapukusa mutu, koma mwachifundo. "Ife a muno tili ndi matenda amenewa. Timaopa kuulula mpaka timaopa kupereka moni. Ine sabata yonseyi ndakhala ndikuzemba mng'ono wanga ngati ndamubera. Pitani, mayi. Za lero ndimaliza ndine."

Aboma anatuluka mu ofesi muja. Ndiye kuti kuvutika konseku kunali kwachabe! Sanateteze chinsinsi chilichonse. Anangomusiya mwamuna wawo kuti agwe m'dzenje limene iwo ankaliona, chifukwa cha ukhondo wa mtima umene palibe anawapempha. Anadzitukwana njira yonse. Atafika kunyumba anawiritsa mazira, anadula buledi, anathira tiyi mu fulasiki, anatenga malaya oyera ndi lumo lometera, n'kuyamba ulendo wa ku mzere wapansi.

Dzuwa linali pamutu. Mzerewo unali utasanduka mudzi. Ena anayala makatoni pansi pa mitengo akusewera makadi, ena anatsegula zitseko zonse za galimoto atagona miyendo ili panja, ndipo amayi ogulitsa nthochi ndi madzi ozizira ankayenda pakati pa magalimoto, malonda akuyenda bwino kuposa ku msika. Aboma anayenda akuwerama kuyang'ana galimoto iliyonse, mpaka anaiona. Ngakhale pa mzere, inali yopukutidwa kuposa zonse.

Sanafike n'komwe, dalaivala wina wandevu zambiri, mnzawo wa adalaivala wa pa siteji, anawazindikira.

"Anyamata, imirirani! Boma lafika lokha!"

Madalaivala anaseka, ena anaimirira n'kuchita sawatcha ngati asilikali. Aboma anafuna nthaka itseguke.

"Mayi, takulandirani ku ofesi yathu," anapitiriza wandevuyo. "Koma tili nanu mlandu. Mwationongera wailesi yathu."

"Wailesi yanji, achimwene?"

"Awa amuna anuwa! Mukuyesa ife timamvera nkhani? Ife timayang'ana Mlamu wa Boma. Iye akangothira mafuta mowonjeza, kapena akagula chigubu, tonse timadziwa kuti kukubwera kanthu. Ndiye sabata yathayi kunamveka kamphepo kuti zinthu sizili bwino. Tinati tiyeni timuone mlamu. Tinamutsatira mpaka pa pampu, ife pambuyo. Munthu uyu anathira tochepa, todontheza, n'kumapita akuimba mluzu! Mawa lake chimodzimodzi. Tinati aa, ngati mlamu akuyenda ndi kanyali kofiira, ndiye kuti kulibe vuto. Lero ndi ife pano. Wailesi yabodza!"

Anzake anagwa nacho chiseko. "Amubisira kunyumba!" anakuwa wina. "Boma silidziwa mlamu!"

Adalaivala anali atatsamira galimoto, ndevu zitamera, maso ofiira ndi tulo. Anaseka nawo pang'ono, kenaka anatsegula chitseko.

"Lowani, Aboma, dzuwali likupwetekani. Inu anyamata, patukani, boma likufuna kukambirana ndi mlamu wake."

Analowa onse awiri. Adalaivala anakweza magalasi onse ngakhale kunkatentha, n'kuyatsa wailesi mokweza pang'ono. Aboma anaika fulasiki pakati pawo. Mawu onse amene anakonza panjira anabalalika, ndipo anangoyamba ndi amene anali pafupi.

"Ndakulakwirani, bambo. Ndinkadziwa. Ndinaona kasingano tsiku la mvula lija, ndinakhala chete. Ndinkayesa kuti ndikakufunsani za mafuta ndiye kuti ndaulula. Lero abwana andiuza kuti ndinali wopusa, ndikanatha kufunsa monga kale. Mwagona pano chifukwa cha ine. Anzanu akukusekani chifukwa cha ine. Ngati mwakwiya, kalipani, koma musandikhalire chete. Chete wanuyu akundipha."

Adalaivala anasenda dzira pang'onopang'ono, makoko akuika m'dzanja kuti asadetse galimoto.

"Aboma, takhala limodzi zaka zingati?"

"Zambiri."

"Pa zaka zonsezo, ndi liti limene munandilola kutuluka pakhomo osandifunsa za mafuta? Ngakhale tsiku limene munkapita kukachira mwana wathu woyamba, muli m'galimoto mukubuula, munandifunsa kuti kasingano kali pati. Ndiye m'mawa uja munangoti muyende bwino, n'kumapukuta tebulo loyera. Mukuyesa ine ndine mwana? Ndisanatuluke pageti ndinali nditadziwa kale kuti mafuta avuta."

Aboma anawayang'ana kukamwa kuli yasa.

"Munadziwa? Nanga osadzaza bwanji?"

"Ndinapita kukadzaza. Ndinafika pa pampu ndithu. Ndisanalankhule ndinayang'ana pa galasi, n'kuona wandevuyu ndi anzake ali pambuyo panga, makosi atatalika. Anthu amenewa amandiwerenga ngati nyuzipepala. Ndikadzaza mwa masiku onse, nkhope ili bwino, sadabwa. Koma tsiku limenelo nkhope inali itasintha, ndipo ndinadziwa kuti ndikangoti dzazani, aona. Pofika masana siteji yonse ikanadziwa, pofika madzulo mzinda wonse. Ndipo aliyense akanati chiyani? Akanati mkazi wake wamutsina khutu. Dzina lanu likanakhala m'kamwa mwa aliyense, ntchito yanu ikanathera pomwepo, ndipo ambulansi ija mumandiuza ija ikanakankhidwanso. Ndiye ndinati, mnyamata, thira tochepa. Ndinayamba kuimba mluzu kuti milomo isaoneke kunjenjemera."

"Ndiye tsiku la mvula lija..."

"Ndinakuonani mukufinya chikwama. Ndinati mayi uyu akomoka. Ndinafuna kuseka, ndinafuna kulira."

"Nanga kunyumba osalankhula bwanji? Pa foni mumandiyankha ngati ndine wokhometsa msonkho!"

"Kunyumba ndikanakhala nanu pansi, ndikanafunsa. Mukundidziwa pakamwa panga. Ndiye inu mukanandinamiza kapena mukanaulula, ndipo zonse ziwirizo zikanakudwalitsani. Ndinati bola ndizipukuta galimoto. Za pa foni, taonani panjapo."

Aboma anacheuka. Wandevu uja ndi anzake awiri anali ataima pafupi ndi galimoto, akunamizira kuyang'ana tayala, makutu ali tcheru.

"Foni yanga ikangolira, onsewa amasiya makadi," anatero adalaivala. "Akuyesa mundiuza kumene kukubwera mafuta. Ndikanati ndakusowani, akanati ndi chizindikiro."

Apa Aboma analephera kudzigwira. Chinayamba ngati chiseko, n'kuthera m'misozi, ndipo anabisa nkhope m'malaya oyera amene anabweretsa aja. Sabata yonse ankayesa kuti asenza katunduyo okha, kuti m'nyumba mwawo muli munthu amene amulakwira ndipo sangamvetse. Chonsecho munthuyo anali atagwira mbali ina ya katundu yemweyo, mwakachetechete, n'kulola kusekedwa ndi siteji yonse.

"Anzanuwa mudzawauza?" anafunsa akupukuta m'maso. "Akuti ndinakubisirani. Alamu akuti ndilibe mtima."

"Asiyeni azitero. Akadziwa kuti ndimakuwerengani nkhope, sadzandisiyanso, azidzabwera m'mawa kudzaona ngati mwapukuta tebulo. Bola azindiseka. Munthu wosekedwa satsatidwa." Anamwa tiyi, n'kupuma mozama. "Koma achemwali okha ndikawauza kuti akusiyeni. Amene aja akapanda kuletsedwa afika mpaka kwa abwana anu."

"Mwandichititsa manyazi, bambo. Ine ndimayesa ndine ndekha wa boma m'nyumba muja."

"Tilimo awiri, Aboma. Kungoti ine boma silindidziwa."

Kutsogolo kunamveka mahutala ndi mfuu. Galimoto ya mafuta inali italowa, ndipo mzere unayamba kusuntha. Madalaivala anataya makadi, aliyense kuthamangira ku galimoto yake. Adalaivala anatembenuza kiyi mwachizolowezi, galimoto inangoti kho kho, n'kukhala chete. Anatsitsa galasi, anatuluka, n'kugwira chiwongolero ndi dzanja limodzi, phewa litatsamira chitseko.

"Khalani momwemo, Aboma. Ndikankha, si patali."

Koma Aboma anali atatuluka kale. Anazungulira kumbuyo, anakwinya manja a bulauzi, n'kuika zikhatho pa chitsulo chotentha ndi dzuwa.

"Taonani, anyamata!" anakuwa wandevu uja ali pa windo la galimoto yake. "Boma likukankha!"

"Mayi, mudetsa zovala," anatero adalaivala, akucheuka.

"Yang'anani kutsogolo, mungagunde mnzanu," anayankha Aboma. "Tiyeni."

Anakankha onse awiri, ndipo galimoto inayamba kuyenda.